Kaizer Chiefs inachokera kuti? Yankho kwa achimwene a ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mangochi amene akhala ku Johannesburg zaka zambiri. Analemba motere: "Mwana wanga wa zaka 14 amasapota Mamelodi Sundowns. Amandifunsa chomwe ndimakakamirira Kaizer Chiefs, timu imene iye sakumbukira n'komwe kuti inanyamulapo ligi. Ine ndinangopeza anthu akuikonda nditafika kuno, ndiye ndimasowa chomuyankha. Tandiuzeni, timuyi inayamba bwanji, ukulu wake unachokera pati, nanga chinavuta n'chiyani?"

Achimwene, zikomo pondikhulupirira. Funso la mwana wanuyo ndi lomveka, musamukalipire. Inenso ndine wa Chiefs kuyambira ndili mnyamata, choncho ndikuyankhani ngati munthu amene nkhaniyi imamukhudza mumtima.

Choyamba chimene mwanayo ayenera kudziwa n'chakuti Chiefs inabadwa m'mimba mwa Orlando Pirates. Pirates ndiyo yakale, inayamba mu 1937 ku Orlando East, m'dera limene lero timati Soweto. Kaizer Motaung anabadwira komweko mu 1944 ndipo anayamba kusewerera Pirates akadali wachichepere. Mu 1968 anapita ku America kukasewerera timu ya Atlanta Chiefs, komwe anakakumana ndi anyamata a ku Zambia, Freddie Mwila ndi Emment Kapengwe. Chaka chomwecho timuyo inatenga ligi, ndipo Motaung anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse. Mu 1969 ndiye anali womwetsa zigoli zambiri mu ligi yonse, zigoli 16 m'masewero 16.

Atabwera kutchuthi kwawo mu 1969 anapeza ku Pirates kuli mpungwepungwe. Osewera atatu, Thomas "Zero" Johnson, Ratha Mokgoatlheng ndi Edward "Msomi" Khoza, anali atachotsedwa pamodzi ndi mkulu wina woyendetsa timu, Ewert Nene. Motaung anayesa kuwayanjanitsa ndi akuluakulu koma zinakanika. M'malo mongosiya anzakewo ali manja lende, anawasonkhanitsa n'kupanga timu yongosewera masewero apaubale, imene anthu ankaitcha Kaizer XI. Anthu atayamba kukhamukira kumasewerowo, zinaoneka kuti apa pali chinthu. Pa 7 January 1970 timu inakhazikitsidwa ndi dzina lakuti Kaizer Chiefs: Kaizer dzina la mwiniwake, Chiefs dzina la timu ya ku Atlanta ija. Ngakhale mutu wa mfumu yovala nthenga umene uli pa jezi unachokera komweko.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amangoti Chiefs inakula kaamba ka osewera aluso. Aluso analipo ku matimu ena ambiri a ku Soweto. Chimene Motaung anabwera nacho kuchokera ku America sichinali mpira wa kumapazi wokha, koma maso. Anaona timu ikuyendetsedwa ngati kampani: wosewera ali ndi mgwirizano wolembedwa, malipiro akubwera pa nthawi yake, yunifolomu ndi yaukhondo, timu ili ndi chizindikiro chimene munthu akhoza kuchizindikira ali patali. Kumbukirani kuti iyi inali nthawi ya tsankho. Munthu wakuda ku South Africa ankayenda ndi pasi m'thumba, sankaloledwa kusewera mu ligi ya azungu, ndipo mabwalo ambiri a m'malokeshoni anali a fumbi lokhalokha. Mnyamata wa ku Orlando East kuimirira n'kunena kuti ife tipanga chathu, chooneka bwino, choyendetsedwa mwadongosolo, inali nkhani yaikulu kuposa mpira.

Ndipo anachipangadi chooneka bwino. Jezi yagolide ndi yakuda, osewera otchena ngakhale kunja kwa bwalo, masapota otukula zala ziwiri m'mwamba kusonyeza chikondi ndi mtendere. Anthu anawapatsa dzina lakuti Phefeni Glamour Boys, potengera dera la Phefeni ku Soweto kumene timu inakulira. Dzina lina lija mumalimva tsiku ndi tsiku, Amakhosi, ndi Chizulu, kutanthauza mafumu. Mnyamata wa m'lokeshoni amene ankanyozeka kuntchito sabata yonse, Loweruka ankavala zagolide n'kudzimva kuti nayenso ndi munthu. Masapota mamiliyoni amene mukuwaona lerowa muzu wawo ndi umenewo. Bambo anapatsira mwana, mwana anapatsira mdzukulu.

Ligi ya matimu a anthu akuda, NPSL, inayamba mu 1971, ndipo Chiefs inatenga ukatswiri wake woyamba mu 1974. Katswiri wa nthawi imeneyo anali Patrick "Ace" Ntsoelengoe, amene akuluakulu ambiri a ku Joni mpaka lero amati sanaonenso wina wofanana naye. Ankasewera nyengo ina ku America, ina kwawo, ndipo Amerika anamulemba m'gulu la akatswiri awo olemekezeka mu 2003. Chimene chimandiwawa ndikaganiza za Ace n'chakuti sanapeze mwayi woonetsa luso lake pa World Cup kapena pa chikho cha mayiko a mu Africa, poti dziko lake linali losalidwa pa mpira chifukwa cha tsankho mpaka 1992.

Ewert Nene, mnzake wa Motaung uja, sanakhalitse. Mu 1976 anapita ku KwaThema, kufupi ndi Springs, kukakambirana zotenga mnyamata waluso Nelson "Teenage" Dladla, ndipo anabayidwa ndi mpeni n'kufera komweko. Dladla anadzapitabe ku Chiefs n'kukhala mmodzi mwa osewera okondedwa kwambiri m'mbiri ya timuyi. Mukamauza mwana wanu mbiriyi, dzina la Nene musalidumphe.

Mu 1978 ligi ya azungu ndi ya akuda zinaphatikizana, ndipo Lucky Stylianou anakhala mzungu woyamba kuvala jezi ya Chiefs. Zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 zikho zinkangobwera motsatizana. Kampani ya ufa wa chimanga inaika dzina lake patsogolo, timu n'kumatchedwa Iwisa Kaizer Chiefs. Kunatuluka Doctor Khumalo, Neil Tovey, ndi Lucas Radebe amene mu 1994 anapita ku Leeds United. Mu 1996 Motaung yemweyo, pamodzi ndi Irvin Khoza wa Pirates ndi anzawo ena, anakhazikitsa ligi ya PSL imene mukuonera leroyi. Adani pabwalo, koma pa nkhani ya ndalama za ligi anakhala pansi limodzi.

Pali masiku awiri amene wa Chiefs aliyense amawatchula motsitsa mawu. Pa 13 January 1991 ku Orkney, pa masewero apaubale a Chiefs ndi Pirates, anthu 42 anafa. Pa 11 April 2001 ku Ellis Park, matimu omwewo akusewera usiku, anthu anadzaza kupyola muyeso, ena n'kumakankhana kuti alowe, ndipo anthu 43 anafa moponderezana. Chikondi chomwecho chimene chinakweza timu chinasonkhanitsa khamu loposa zipata ndi alonda a nthawiyo. Mukamapita ndi mwanayo ku FNB Stadium pa Soweto Derby, masewero a Chiefs ndi Pirates, lawirirani, ndipo mugwire dzanja lake polowa ndi potuluka.

Tsopano imvani gawo limene ife Amalawi timalinena mutu uli m'mwamba. Jack Chamangwana, wotchinga kumbuyo wa Wanderers ndi Flames, anasewerera Chiefs m'zaka za m'ma 1980 ndipo pambuyo pake anaiphunzitsako. Kumeneko ankamutcha Black Stone, mwala wakuda, poti womwetsa zigoli akamuwomba ankabwerera yekha. Anatisiya mu 2018. Atachoka Chamangwana ku Chiefs, kunadzabwera Patrick Mabedi kuchokera ku Bata Bullets, amene anafika povala lamba wa ukaputeni pamkono.

Chaka chomwecho cha maliro a ku Ellis Park, kumapeto kwa 2001, Chiefs inafika mu fainolo ya chikho cha mu Africa cha matimu opambana zikho m'mayiko awo, chimene chinkatchedwa ndi dzina la Nelson Mandela. Inakumana ndi Interclube ya ku Angola. Ku Luanda analepherana 1-1. Masewero achibwereza anachitikira pa Ellis Park pomwepo, pamene miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo panagona mitembo. Nthawi itatsala pang'ono kutha, oyimbira analoza pa penate. Amene anatola mpira n'kuuika pa kadontho koyera sanali womwetsa zigoli wotchuka ayi. Anali wotchinga kumbuyo wochokera ku Malawi. Mabedi anaumenya, ukonde unagwedezeka, ndipo mpaka lero chimenecho ndicho chikho chokhacho cha mpikisano wa CAF chimene Chiefs ili nacho. Mabedi yemweyo ndiye ananyamula ligi mu 2004 ndi mu 2005, mphunzitsi ali Ted Dumitru. Mu nyengo yachiwiriyo Collins Mbesuma wa ku Zambia anamwetsa zigoli 25 mu ligi mokha. Muuzeni mwanayo zimenezi, adziwe kuti m'kabati ya zikho ku Naturena, kulikulu la timuyi, muli thukuta la kwawo kwa bambo ake.

Nanga chinavuta n'chiyani? Ligi yomaliza inabwera mu 2015, mphunzitsi ali Stuart Baxter, amene anaitenganso mu 2013. Kuchoka apo panadutsa zaka khumi popanda chikho chachikulu. Mu 2019 anagonja mu fainolo ya Nedbank Cup kwa TS Galaxy, timu ya ligi yaing'ono. Mu 2021 anafika mu fainolo ya CAF Champions League koyamba, koma Al Ahly inawathira 3-0 ku Casablanca. Mu 2024 anathera pa nambala 10 mu ligi.

Koma bala lenileni ndi la pa 5 September 2020. Chinali chaka chokumbukira zaka 50 za timu, ndipo Chiefs inali itatsogola pafupifupi nyengo yonse. Tsiku lomaliza inkangofunika kugonjetsa Baroka. Kunali Covid-19, bwalo linali lopanda anthu, moti pa kanema tinkamva mawu a osewera akuitanizana. Ine ndinali pabalaza ndi anzanga atatu, wina atagwira foni kutsatira masewero a Sundowns. Khama Billiat wa ku Zimbabwe atagoletsa, mnzanga wina anadumpha mpaka anatayira tiyi pamkeka. Chigawo chachiwiri, Manuel Kambala wa ku Mozambique anabweza ndi mutu. Wa foni uja anangoti, "Sundowns ikutsogola," n'kuika foniyo chafufumimba patebulo. Zinathera 1-1, Sundowns inapambana 3-0 n'kutenga ligi. Palibe anayankhula. Nsima inabwera, inazizira pomwepo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena akwiya nawo. Chimene chinakweza Chiefs ndicho chinadzaichedwetsa. Mu 1970 Motaung anali patsogolo pa anzake onse chifukwa anaona zimene iwo anali asanaone. Patrice Motsepe, mwini migodi, atagula Sundowns cha m'ma 2004, mpira wa ku Joni unalowa m'nyengo ina. Sikuti Sundowns inangobwera ndi thumba lalikulu. Inalemba anthu ofufuza osewera mpaka ku South America, inasunga Pitso Mosimane zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, inatenga Champions League mu 2016, ndipo kuyambira 2018 mpaka 2025 inatenga ligi kasanu ndi katatu motsatizana. Nthawi yomweyo Chiefs inkasintha aphunzitsi pafupipafupi, kugula osewera osagwirizana ndi kaseweredwe ka mphunzitsi amene alipo, ndipo mu 2020 FIFA inailetsa kulemba osewera atsopano chifukwa cha momwe inatengera wosewera wina wa ku Madagascar.

Timuyi ikadali m'manja mwa banja. Ana a Motaung ali m'maudindo: Bobby ndi woyang'anira za mpira, Jessica ndi wa zamalonda, Kaizer wamng'ono ndi mkulu wa zamasewero. Sindikuona cholakwa kuti munthu asiyire ana ake chimene anamanga ndi manja ake, ndipo pa zamalonda Chiefs ikadali chimphona: makampani ngati Vodacom akhala nayo zaka zambiri, jezi zimagulidwa, mabwalo amadzaza kulikonse kumene yapita. Vuto n'lakuti ndalama zikamalowabe ngakhale timu ikugonja, ululu wa kugonja umachedwa kufika ku ofesi. Umayamba wafika kwa inu amene mwalipira tikiti ndi thiransipoti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Chiefs linakula kuposa nyumba imodzi.

Pa 10 May 2025 ku Moses Mabhida Stadium mu Durban chilala chija chinatha. Fainolo ya Nedbank Cup, Chiefs ndi Pirates. Gaston Sirino anagoletsa penate, Evidence Makgopa anabweza, ndipo chakumapeto kaputeni Yusuf Maart anamenya chachiwiri. Zinathera 2-1, mphunzitsi ali Nasreddine Nabi. Ndinaona pa kanema abambo a imvi akulira poyera. Komabe nyengo yomweyo timu inathera pa nambala 9 mu ligi, choncho chikho chimodzicho chisatinamize kuti matenda atha.

Za mwana wanuyo, musamukakamize kusintha jezi. Iye wakula akuona Sundowns ikusewera mpira wabwino, ndipo sakulakwa kuukonda. Chimene mungachite n'kumutenga tsiku lina Loweruka, mukwere takisi mpaka ku Orlando, mumuonetse misewu ya ku Phefeni ndi Orlando Stadium, kenako tsiku la derby mukakhale naye pakati pa anthu oposa 80,000 pa FNB. Akakafunsanso funso lake lija pobwerera, muyambire pa osewera atatu amene anachotsedwa ku Pirates mu 1969. Mundilemberenso kuti wati chiyani.