Funsani za Malamulo: "Mwana wanga ndi transgender, kodi apolisi angam'mange?"

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, ndipo onse akukhudza anthu a transgender, omwe anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi, kapena anabadwa ndi thupi lachikazi koma amadzidziwa kuti ndi amuna. Maina a olemba tawabisa. Akuyankha ndi alangizi athu a zamalamulo.

Mwana wanga wachiwiri anabadwa mwamuna, koma chiyambire ali wamng'ono amakhala ngati mtsikana. Pano ndi wamkulu, amavala chitenje ndi mpango, ndipo amagulitsa usipa pamsika. Aneba akuti tsiku lina apolisi adzam'tenga akakhale kundende zaka 14. Tulo sindikuona. Kodi n'zoona? — Mayi wa ku Mpondasi

Mayi, m'Malawi muno mulibe lamulo lonena kuti kukhala transgender ndi mlandu. Chitenje si mlandu, ngakhalenso dzina lomwe anzake amamuitanira.

Zaka 14 zomwe aneba akutchulazo zili m'gawo 153 la Penal Code (lamulo la milandu ndi zilango zake), lomwe limaletsa kugonana komwe lamulolo limati n'kosemphana ndi chilengedwe. Gawo 154 limapereka zaka 7 kwa woyesera kuchita zimenezo, gawo 156 zaka 5 pa zomwe limazitcha zolaula pakati pa amuna, ndipo gawo 137A, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, limapereka zaka 5 pakati pa akazi. Magawo onsewa amalanga zomwe munthu wachita, ndipo boma liyenera kubweretsa umboni woti anachitadi. Maonekedwe ndi mavalidwe si umboni.

Komabe tisakubiseni, nkhawa yanu ili ndi pogwira. Lamulo limamuona mwana wanu ngati mwamuna, choncho akakhala pachibwenzi ndi mwamuna, magawo aja amam'khudza. Mu 2021 khoti la majisitireti komweko ku Mangochi linagamula mkazi wina wa transgender kuti akakhale kundende zaka 8, pa mlandu wa gawo 153 ndi wopeza zinthu mwachinyengo, ndipo anam'tumiza kundende ya amuna. Nkhaniyo inakafika ku khoti lounika malamulo oyendetsera dziko, ndipo pa 28 June 2024 oweruza atatu anagamula kuti magawo 153, 154 ndi 156 akhalebe, ndi kuti wofuna kuwasintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Ena amakumbukirabe kuti boma linalengeza mu 2012 ndi mu 2015 kuti laimika kumanga anthu pa magawowa. Musadalire zimenezo. Chinali chilengezo cha nduna chabe, ndipo mu 2016 khoti lalikulu ku Mzuzu linachiimitsa.

Chomwe chingakuthandizeni kwambiri n'kudziwa zochita pa maola oyamba munthu akamangidwa, chifukwa milandu yambiri yamtunduwu imaonongekera pomwepo, loya asanafike. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, ndiye ngati mwana wanu amamasuka m'Chiyao, anene. Ali ndi ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, apite naye tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

Muuzeni lero lomwe kuti asadzasaine sitetimenti yomwe sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa, ndipo asadzavomere mlandu chifukwa wina wamuuza kuti "ukavomera utuluka msanga." Pa milandu ya gawo 153 kawirikawiri sipakhala mboni yoona ndi maso. Umboni umachokera m'kamwa mwa womangidwayo kapena m'foni mwake. Munthu akavomera pamaso pa majisitireti, apilo yake imangokhudza chilango, osati funso loti analakwa kapena ayi. Apolisi akafuna kutsegula foni, afunse mwaulemu ngati ali ndi chikalata cha khoti, ndipo anene kuti akufuna aonane kaye ndi loya.

Kuvula munthu pofuna "kuona ngati ndi mwamuna kapena mkazi" n'kosemphana ndi gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limateteza ulemu wa munthu, ndi gawo 21 la ufulu wa chinsinsi. Zikachitika, asalimbane nawo m'chitokosi. Asunge m'mutu tsiku, nthawi ndi dzina kapena nambala ya wapolisiyo, kenako adzauze majisitireti tsiku loyamba kukhoti kuti zilembedwe. Inu monga kholo pemphani kwa mkulu wa polisiyo kuti mwana wanu asungidwe payekha poopa kuchitidwa chipongwe ndi omangidwa anzake, ndipo pempholo likhale lolemba, inu mutsale ndi kope. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Akam'peza wolakwa, chidziwitso choti achita apilo chiperekedwe pasanathe masiku 10. Mabanja ambiri amataya masiku amenewa akulira ndi kusonkha ndalama.

Za vakabu, gawo 184(1)(c) la Penal Code lomwe apolisi ankasesera nalo anthu usiku linathetsedwa ndi khoti lalikulu mu 2017. Kupezeka panja usiku pakokha si mlandu.

Pachiphaso changa cha unzika pali dzina lachimuna ndi chithunzi chakale. Ndikapita kubanki kapena kukalembetsa simu amandikayikira kuti ndaba chiphaso cha mchimwene wanga. Kodi ndingasinthe? — Wowerenga wa ku Monkey Bay

Chemwali, pachiphasopo pali zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi njira yake.

Chithunzi ndicho chosavuta. Mukamakonzetsa chiphaso ku ofesi ya NRB (nthambi ya boma yopereka ziphaso za unzika) kuboma, pemphani kuti akujambuleni momwe mukuonekera lero. Izi zokha zimachepetsa mikangano pakauntala, poti wogwira ntchito amayamba wayang'ana nkhope asanawerenge dzina.

Dzina limasinthika, koma osati pongolemba kalata kwa amfumu. Pali lamulo la Change of Name (Restriction) Act, lomwe limafuna chilolezo cha boma munthu asanayambe kugwiritsa ntchito dzina latsopano m'zikalata. Yambirani ku ofesi ya DC kuti akuuzeni zofunika, ndipo chilolezocho chikatuluka m'pamene mupite ku NRB, kubanki ndi kwina. Sungani chikalata chosinthira dzinacho moyo wanu wonse, chifukwa satifiketi ya MANEB ndi mapepala ena akale adzakhalabe ndi dzina loyamba.

Pomwe palembedwa kuti mwamuna kapena mkazi ndi pomwe pali khoma. Lamulo la National Registration Act la 2010 silinaike njira yoti munthu wa transgender asinthire pamenepa, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limanena mosabisa kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi potengera momwe anabadwira. Wina akakuuzani kuti "ndikudziwa munthu m'kati, bweretsani kangachepe," thawani. Chiphaso chopezeka mwa njira imeneyo ndi mlandu weniweni, ndipo chingakupezetseni zomwe mavalidwe anu sakanakupezetsani. Musabwerekenso chiphaso cha mchemwali wanu. Pa nkhani iliyonse yokhudza ndalama, kaya ngongole, lendi kapena mgwirizano wa geni, lembani dzina la pachiphaso, kuti pasadzapezeke wonena kuti munam'dyera ndalama pomunamiza kuti ndinu yani.

Ndinkaphika pa loji ina kunyanja kuno. Abwana atamva kuti ndinabadwa mkazi ngakhale ndimakhala ngati mwamuna, anangoti ndisabwerenso mawa chifukwa alendo angadabwe. Palibe kalata yomwe anandipatsa. — Wophika wa ku Nankumba

Achimwene, yang'anani kalendala kaye. Lamulo la Employment Act la 2000 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Akalephera kukuyanjanitsani pasanathe mwezi, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona nkhani zantchito.

Gawo 5 la lamuloli limaletsa tsankho pantchito. Silitchula anthu a transgender mwachindunji, koma mndandanda wake umaphatikiza "zifukwa zina," monganso gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko. Mfundo imeneyi loya angaigwiritse ntchito, koma ife tingakulangizeni kutsamira kwambiri pa gawo 57, lomwe ndi lolimba ndipo silifuna mtsutso wautali. Limati bwana asachotse munthu popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake ka ntchito, khalidwe lake pantchito kapena zosowa za kampani, ndipo ngati akum'nena kuti walakwa, am'patse mpata wodziteteza. "Alendo angadabwe" si chifukwa chotero, ndipo udindo wosonyeza chifukwa uli pa abwanawo, osati pa inu.

Kusowa kwa kalata kusakufooketseni. Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti munkagwira ntchito pamenepo: mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba olandirira malipiro, yunifomu, mauthenga a pa WhatsApp okuuzani mashifiti, ndi mnzanu mmodzi wolola kuikira umboni. Khoti likhoza kulamula kuti mubwerere pantchito kapena mulandire chipukuta misozi, kuphatikiza malipiro a notisi ndi a masiku a tchuthi omwe simunapume. Akakuitanani kuti mudzalandire "kenakake" n'kusaina pepala loti nkhani yatha, werengani kaye ndalamayo muifananize ndi zomwe a ofesi ya zantchito akuwerengerani.

Anyamata ena anandimenya pa depoti n'kunding'ambira zovala. Mmodzi anajambula, ndipo akuti ndikapanda kum'tumizira ndalama aika kanemayo pa Facebook. Ndikuopa kuti ndikapita kupolisi andimanga ineyo. — Wodandaula wa ku Namwera

Olakwa pano ndi iwowo, ndipo milandu yake ndi ingapo. Kumenya munthu mpaka kum'vulaza kuli m'gawo 254 la Penal Code, chilango chake mpaka zaka 5, ndipo kuvulaza kwambiri kumafika zaka 14. Kuopseza munthu kuti akupatse ndalama ndi mlandu pawokha, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni kapena intaneti.

Musatumize ndalama. Wolandira kamodzi amabweranso. Musafufutenso mauthenga ake: ajambuleni pafoni nambala yake ndi tsiku zikuoneka, ndipo mutumize makope kwa munthu yemwe mumam'khulupirira. Zovala zong'ambikazo musachape kapena kusoka. Pitani kuchipatala mabala asanapole, ndipo lipoti la kuchipatala lilembedwe, chifukwa popanda lipotilo mlandu wovulaza umasanduka mawu anu kutsutsana ndi awo.

Mantha anu a kupolisi tikuwamvetsa, ndipo n'chifukwa chake tikuti musapite nokha. Pitani ndi wachibale wamkulu kapena mlangizi wa zamalamulo. Mabungwe monga CEDEP, CHRR ndi Nyasa Rainbow Alliance amagwira ntchito pa nkhani zoterezi. Funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo sitetimenti yanu ikhale pa zomwe zinachitika pa depoti: ndani, liti, anakumenyani ndi chiyani, anaona ndani. Mafunso okhudza yemwe mumagona naye sakukhudzana ndi kumenyedwa kwanu, ndipo simukakamizidwa kuwayankha. Wapolisi akakana kulandira dandaulo kapena akayamba kukunyozani, lembani dzina lake mukadandaule kwa mkulu wa polisiyo, ku Independent Complaints Commission (bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi) kapena ku Malawi Human Rights Commission. Zoterezi zikachitikira kuchipatala cha boma, funsani ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo.

Bambo athu anamwalira. Amalume akuti mng'ono wanga, yemwe ndi transgender, asalandire kalikonse ndipo achoke pamudzi chifukwa watichititsa manyazi. — Mkulu wake, Makanjira

Amalume alibe mphamvu imeneyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ngati womwalirayo sanasiye wilo, mkazi wake ndi ana ake ndiwo oyamba kulandira, ndipo silisiyanitsa ana potengera mavalidwe kapena zomwe achibale akuganiza za iwo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kupolisi. Gawo 39 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wokhala paliponse m'dziko muno, ndiye ngakhale nyakwawa singam'samutse pa chifukwa chimenechi.

Lembani katundu yense wa malemu, bwato, maukonde, njinga, mbuzi, nyumba, pamaso pa mboni ziwiri, zinthu zisanayambe kusowa. Mndandandawo mupite nawo ku ofesi ya DC pamodzi ndi chikalata cha imfa ndi maina a ana onse, ndipo la mng'ono wanu mulilembe momwe lilili pachiphaso chake.