Kwa amayi amene afunsa za makina obowola pansi kumudzi kwawo

Amayi, mwafunsa kuti poti kwanu kwafika makina obowola pansi ndipo akuti akufuna yureniyamu, kodi mgodi wayamba, kodi musamutsidwa, nanga madzi a pamjigo muzimwabe? Ndaona ena muno akuti mwalemera, ena akuti yambani kulongedza. Onsewo afulumira. Anthu amene afika kwanuwo akufufuza chabe, ndipo pakati pa kufufuza ndi kutsegula mgodi pali mtunda wautali zedi.

Taonani za Kayelekera ku Karonga. Yureniyamu wa kumeneko anamupeza ndi bungwe la magetsi la ku Britain, Central Electricity Generating Board, mu 1982. Anabowola kwa zaka zingapo, kenako anasiya chifukwa mtengo unali utatsika. Kampani ya Paladin ya ku Australia inalowapo mu 1998, chiphaso chokumbira inalandira mu 2007, mgodi n'kutsegulidwa mu 2009. Mwana wobadwa chaka chimene miyalayo inapezeka anali ndi zaka 27 tsiku lotsegulira. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 itagwetsanso mtengo wa yureniyamu, mgodi unaima mu 2014. Kampani ina ya Lotus Resources inaugula mu 2020, ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. Kumeneko ndi kumene zinatheka. Malo ambiri amene amabowola sakhala mgodi n'komwe. Ku Livingstonia yureniyamu anapezeka kalekale, koma mpaka pano ali pansi pomwepo.

Makina asanafike, ntchito imayambira m'mwamba. Mukukumbukira ndege zimene zinkauluka motsika kwambiri cha mu 2013 ndi 2014, kupita n'kubwerera m'mizere ngati zikulima? Imeneyo inali kauniuni wa dziko lonse, wochitidwa ndi kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Mapu ake amasungidwa ku Geological Survey ku Zomba. M'ndegemo mumakhala zida zoyeza maginito a miyala, komanso china chowerenga cheza chotchedwa gamma, chimene chimatuluka mu yureniyamu, thorium ndi potaziyamu. Vuto lake n'lakuti chezachi chimachokera pamwamba penipeni, osapitirira theka la mita. Miyala ya yureniyamu itakwiririka ndi dothi lambiri, ndege idutsa osamva kanthu. Mwina pamapu n'kuoneka pofiira, kupita kukaona n'kupeza kuti ndi thorium, osati yureniyamu. N'chifukwa chake pambuyo pa ndege pamabwera anyamata oyenda pansi ndi kachida kam'manja kamene kamalira pafupipafupi kakayandikira mwala wotentha (amatero okha, mwalawo sutentha m'manja ayi), akukhoma zikhomo ndi kumanga tinsalu m'mitengo.

Chimene amatsata ndi mtundu wa mwala. Ku Kayelekera yureniyamu ali m'miyala ya mchenga ya Karoo, yosanjikizana ndi dongo louma, ndipo m'dera lomwelo muli malasha. Kalekale madzi anamusungunula m'miyala ina, n'kuyenda naye mumchengamo, mpaka pamene anakumana ndi zoola za zomera zakale, pomwepo anakhazikika. Ndiye sakhala paliponse mofanana. Mukhoza kubowola apa n'kumupeza, kusuntha mamita 100 n'kupeza mchenga wokhawokha.

Kubowolako kuli pawiri. Ngati makina akulira kwambiri ndi kompresa, akutulutsa fumbi ndi timiyala tophwanyika timene akuthira m'matumba, thumba limodzi mita iliyonse, n'kuwandanda pansi, amenewo ndi a RC, achangu ndi otsikirapo mtengo. Ngati akugwiritsa ntchito madzi, akumba kadzenje ka matope pambali, ndipo akutulutsa mwala wautali wobulungira ngati chinangwa chosenda n'kuuika m'mathireyi, amenewo ndi a diamond, odula koma oonetsa bwino mmene miyala yagonera. Akamaliza amatsitsira m'dzenjemo chida pa waya, chiziwerenga cheza kuchokera pansi mpaka pamwamba. Komabe chidacho sichikhulupirika chokha, chifukwa chimamva zinthu zimene yureniyamu amasanduka akamatha mphamvu, ndipo nthawi zina madzi amakhala atamukokolola iye mwini n'kusiya zinthuzo. Choncho miyala imapitabe ku labotale. Ndipo musaganize za mibulu yonyezimira: ku Kayelekera m'tani yathunthu ya miyala mumatuluka yureniyamu pafupifupi kilogalamu imodzi, malo ena osafika.

Ngati mukufuna kudziwa pamene nkhani yafika, yang'anani kutalikirana kwa maenje. Akabowola limodzi apa, lina kutsidya kwa mtsinje, ndiye kuti akungoyesa. Akabwerera chaka chinacho n'kuyamba kubowola pakati pa maenje akale, mamita 50 kapena 25 okha, apeza kanthu ndipo akuwerengera kuchuluka kwake. Pamenepo m'pamene mudzi uyenera kutchera khutu. Zisanafike apo musagulitse munda, musatenge ngongole podalira chipepeso, komanso musamange nyumba mothamanga chifukwa wina wanena kuti adzakulipirani.

Za madzi ndiye sindikuuzani kuti gonani tulo. Cheza chochokera m'matumba aja n'chochepa, kudutsa pafupi sikungakudwalitseni. Chodetsa nkhawa ndi fumbi limene munthu angapume, matope a m'kadzenje kaja akasefukira m'dimba kapena mbuzi zikamamwapo, ndi dzenje losiyidwa pululu. Dzenje lotere lingathe kulumikiza madzi a m'mwala wa yureniyamu ndi madzi amene mjigo wanu umakoka. Kampani yolongosoka imatseka ndi simenti, imakwirira matope ndi kuchotsa matumba ake. Ine ndinaonapo malo ena, si a yureniyamu, kumene anasiya matumba padzuwa mpaka anang'ambika, ana n'kumaseweretsa mchengawo. Zimenezo musalole. Ndipo pemphani kuti madzi a pamjigo ndi a pachitsime ayezedwe tsopano lino, pepala la zotsatira lisungidwe kwa amfumu. Madera a miyala yotere, madzi ena amakhala ndi yureniyamu mwachilengedwe, ndiye popanda pepala loyamba mudzangokanirana kuti wawononga ndani.

Miyala ya pansi ndi ya dziko, sitingakane, koma mbewu, mitengo ndi munda zikaonongeka, lamulo la migodi limati mwini wake alipidwe. Amfumu ndi komiti ya chitukuko aitanitse akuluakulu a kampaniyo, aonetse chiphaso chawo chofufuzira, nambala yake ndi malire ake, komanso chilolezo cha za chilengedwe. Mukaona kuti akuzemba, pitani kwa a DC. Kulinso bungwe la MEPA loona za chilengedwe, ndi la Atomic Energy Regulatory Authority loona za cheza, malinga ndi lamulo la 2011. Kuyeza chimanga chimene galimoto zapondaponda kuchitike inu muli pomwepo, mlangizi wa zaulimi alipo, ndipo musasaine pepala limene simunawerengeredwe m'chilankhulo chanu.

Mutiuzeko boma limene muli, ndiponso ngati makinawo akutulutsa fumbi kapena matope.