Funsani Akatswiri: Webusaiti ya Bizinesi Imafuna Chiyani Nyengo Ikamasintha?

Funso: Ndili ndi loji yaing'ono m'mbali mwa nyanja. Webusaiti anandipangira mnyamata wina pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, zaka ziwiri zapitazo, ndipo chiikireni palibe waigwirapo. Ikutseguka bwinobwino. Kodi pali chofunika kuchita? Ndine mayi wa ku Mangochi.

Yankho: Chilipo mayi, ndipo musachedwe. Webusaiti imatha kumatseguka ili ndi fomu yakufa kapena mapulogalamu akale oti akuba alowerepo. Muziiyendera miyezi itatu iliyonse, koma kwa inu ntchito yaikulu ichitike mu Okutobala, alendo a Khirisimasi asanayambe kusungitsa zipinda. Mu Disembala musasinthe china chilichonse kupatula mitengo, chifukwa kanthu kakasokonekera nthawi imeneyo mutaya makasitomala okonza ali pa tchuthi.

Yambani ndi backup, kapena kuti kope la webusaiti yonse, musanadine kalikonse. Webusaiti ya WordPress ili ndi mbali ziwiri: mafayilo, momwe muli zithunzi ndi maonekedwe, ndi database, momwe muli mawu onse ndi mauthenga a osungitsa malo. Kukopa mbali imodzi yokha n'kutaya nthawi. Plugin (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) ngati UpdraftPlus imakopa zonse ziwiri. Kopelo litumizeni ku Google Drive, lina mulisunge pa flash. Ambiri amalisiya pa seva (kompyuta yosunga webusaiti) yomweyo, ndiye seva ikawonongeka kapena akaunti ikatsekedwa chifukwa cha ngongole, webusaiti ndi kope lake zimapitira limodzi. Kamodzi pachaka muuze wokuthandizani ayese kubwezeretsa kopelo pamalo oyesera, popeza makope ena amadukira panjira ndipo zimadziwika tsiku la tsoka.

Kenako pangani update, kutanthauza kuika mapulogalamu atsopano m'malo mwa akale, koma ma plugin muwatenge imodziimodzi. Mukamaliza imodzi, tsegulani tsamba loyamba ndi la kusungitsa zipinda muone ngati zili bwino. Mukadina onse nthawi imodzi webusaiti n'kuyera mbee, simudziwa wolakwa ndi uti. Ikayera mutangomaliza imodzi musade nkhawa: lowani mu cPanel, tsamba loyendetsera akaunti yanu pa seva, tsegulani File Manager, pitani ku wp-content kenako plugins, musinthe dzina la foda ya plugin yomwe mwaikhudza komaliza. WordPress iizimitsa yokha ndipo webusaiti idzuka. Ma plugin omwe simuwagwiritsa ntchito afufuteni, osangowazimitsa, chifukwa mafayilo ake amakhalabe pa seva ngati khomo losatseka.

Onaninso mu WordPress pa Tools, Site Health, kuti mudziwe mtundu wa PHP (pulogalamu yomwe WordPress imayendera) womwe uli pa seva. PHP 7.4 inasiya kulandira zigamba zachitetezo mu Novembala 2022, choncho mukaipeza uzani a hosting, kampani yomwe imakusungirani webusaiti, akukwezereni, mutapanga kale backup. Pa Users, chotsani onse omwe anasiya ntchito, ndipo inuyo mukhale ndi akaunti yanuyanu ya Administrator.

Chomaliza timachiona chofunika kuposa zonse, ngakhale sichifuna katswiri. Tengani foni ya munthu wina, muzimitse Wi-Fi, mudzaze fomu ngati mlendo, muone ngati uthenga wafika komanso ngati sunagwere mu Spam. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail imafuna kuti wotumiza imelo akhale ndi SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira komwe imelo yachokera, ndipo mafomu ambiri akale anasiya kufikitsa mauthenga mwakachetechete pa chifukwa chimenechi. Dinaninso batani la WhatsApp. Linki yake iyambe ndi wa.me/265 kenako nambala yopanda 0 wakumayambiriro.

Funso: Webusaiti ya shopu yathu ya zipangizo zomangira inazimiririka mwadzidzidzi pamodzi ndi imelo ya kampani. Akuti domain, dzina la webusaiti yathu pa intaneti, inatha chifukwa khadi la kubanki linakana kulipira madola. Tipewe bwanji zoterezi? Ndine bambo wa ku Mzuzu.

Yankho: Pepani bambo, ili ndi vuto lomwe likugwetsa mabizinesi ambiri. Pali masiku atatu oti alembedwe pakalendala ya mu ofesi: tsiku lotha domain, lotha hosting ndi lotha satifiketi ya SSL, yomwe imateteza zomwe anthu amatumiza pa tsamba lanu. Izi ndi zinthu zosiyana, ndipo nthawi zina zimalipiridwa ku makampani osiyana.

Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kulipoku, musadalire kuti khadi lidzadulidwa lokha. Yesani kulipira kutatsala masiku 60, kuti likakana mukhale ndi mpata wopita kubanki kapena kupeza kampani ya kuno yomwe imalandira makwacha. Domain ya .com mungathe kulipiriratu zaka zingapo, mpaka 10, ndipo ngati thumba likulola lipirani zitatu nthawi imodzi. Ikatha, makampani ambiri amapereka kanthawi kolipira pa mtengo wamba. Kanthawiko kakadutsa pamabwera masiku 30 oiwombola pa mtengo wokwera kwambiri, kenako imamasulidwa ndipo aliyense angaigule.

Fufuzani lero ngati domain inalembetsedwa m'dzina la bizinesi yanu osati la amene anakupangirani webusaiti. Imelo yolandirira zikumbutso isakhale ya domain yomweyo, chifukwa ikatha imeloyo imafa ndipo machenjezo sakupezani. Za SSL n'zopepuka: satifiketi yaulere ya Let's Encrypt imakhala masiku 90 ndipo imadzikonzanso yokha, koma nthawi zina imalephera mukasintha DNS, zomwe zimalozera domain ku seva yanu. Mapulogalamu otsegulira mawebusaiti akayamba kuchenjeza kuti tsamba lanu si lotetezeka, uzani a hosting tsiku lomwelo.

Funso: Ndimagulitsa zovala zosoka ndekha. Nditaika zithunzi za katundu wa nyengo yozizira, makasitomala akudandaula kuti tsamba likuchedwa ndipo likuwathera bandulo. Ndine telala wa ku Lilongwe.

Yankho: Vuto ndi zithunzizo. Chithunzi chochokera pa foni chimalemera ma MB atatu kapena asanu, ndiye makumi awiri patsamba limodzi ndi ma MB 60 kapena kuposa. Musanaziike, zichepetseni m'lifupi kufika pa mapikiselo 1200, muzisunge ngati WebP kapena JPEG, chilichonse chisapitirire 200 KB. Webusaiti ya Squoosh imachita zimenezi kwaulere. Mukatha yezani liwiro la tsambalo pa webusaiti ya PageSpeed Insights, muyang'ane zotsatira za foni popeza ndi zomwe makasitomala anu amagwiritsa ntchito.

Katundu wa nyengo yatha musangomufufuta, chifukwa linki yake ili kale pa Google ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo woidina adzapeza 404, uthenga woti tsambalo palibe. Lembani kuti watha, kapena ikani redirect ya 301, yomwe imatumiza woidina linki yakale ku zovala zofanana nazo zomwe zilipo panopa.