Kodi "put off" ndi kuthetsa kapena kusuntha?

Funso: Abwana a kuntchito kwathu analemba kuti "the meeting has been put off", ndipo ine ndinamva ngati msonkhanowo wathetsedwa, koma patapita masiku atatu ndinadzudzulidwa chifukwa chosapezekapo. Kodi ndinalakwitsa pati?

Yankho: Pepani ndi zimene zinakuchitikirani, ndipo dziwani kuti ambiri amaphonya pamenepa. Mawu akuti "put off" amatanthauza kusuntha chinthu kuti chidzachitike nthawi ina m'tsogolo, osati kuchithetsa. Abwana anuwo akanafuna kunena kuti msonkhanowo sudzachitikanso, akanalemba kuti "called off". Chisokonezo chimabwera chifukwa chakuti "put" payekha ndi kuika, pamene "off" amatikumbutsa kuzimitsa nyali, choncho munthu akamamasulira liwu lililonse palokha amasochera. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuloweza mawu awiriwa ngati liwu limodzi.

Polankhula, samalani ndi malo a mlowam'malo, chifukwa amakhala pakati: timati "put it off", osati "put off it". Mneni wotsatira amathera ndi "-ing", monga m'chiganizo chakuti "she put off writing the letter", chimene chikunena za munthu amene wakhala akuzengereza kulemba kalata, pepala lili patebulo koma cholembera sakuchigwira.

Palinso tanthauzo lina, la kuchotsa chilakolako. Munthu akati "the smell put me off", akunena kuti fungo linamunyansa mpaka anasiya chimene ankafuna. Koma pozimitsa nyali, Chingelezi chovomerezeka chimati "switch off" kapena "turn off".