Funsani Mmisiri: Uvuni Woumitsira Matabwa ku Chigwa cha Shire

FUNSO: Ndine kalipentala wa ku Nchalo m'boma la Chikwawa, ndipo ndimakhoma zitseko, mafelemu ndi matebulo. Matabwa omwe ndimagula amabwera aawisi, moti ndikawagwiritsa ntchito msanga chitseko chimapindika chili kale panyumba ya mwini wake, koma ndikawayanika padzuwa amang'aluka kumapeto ndi pamwamba. Ndamva kuti kuli uvuni woumitsira matabwa. Kodi munthu wa mpamba wochepa angathe kuumanga, nanga ndi kutentha kwathu kuno uvuniwo ndi wofunikadi?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Uvuniwo mungathe kuumanga, ndipo ndi wofunika, koma pa chifukwa china chosiyana ndi chomwe ambiri amaganiza. Kwanuko kutentha sikusowa, pakuti mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo mpweya umakhala wouma kwambiri. Chomwe chikukuonongerani matabwa ndi kuuma kwa liwiro. Thabwa limayamba kuuma kunja, ndipo khungu lakunjalo likamafota pamene mkati mukadali modzaza madzi, limakokeka mpaka kung'ambika, monga mmene chinangwa chootcha pamoto waukali chimapserera kunja mkati muli mwamuwisi. Ntchito ya uvuni ndi kukupatsani mphamvu yolamulira liwiro lomwe madzi akutulukira m'thabwa.

Woyenera munthu wa mpamba wochepa ndi uvuni wa dzuwa. Ndi kanyumba ka njerwa kapena matabwa, kotsekeka bwino, kopakidwa penti wakuda mkati monse, komwe denga lake ndi la malata oonekera kapena pulasitiki yolimba ya m'nyumba zolimiramo mbewu, chifukwa pulasitiki wamba imafumbutuka ndi dzuwa pakangopita miyezi yochepa. Popeza chigwa cha Shire chili pa madigiri 16 mpaka 17 kummwera kwa ikweta, denga lipendekekere kumpoto, mbali yomwe dzuwa limadutsira miyezi yambiri ya chaka, ndipo mulipendeketse madigiri pafupifupi 20 kuti mvula ndi fumbi zizitsetsereka. Kukhoma lakummwera muboole timawindo tinayi totsegula ndi kutseka, tiwiri mmwamba ndi tiwiri mmunsi. Pansi pa denga mumangirire mafani awiri oyendera sola, ndipo kuchokera pamafaniwo mutsitse chinsalu kapena pulayiwudi mpaka pamwamba pa mulu wa matabwa, kuti mphepo isazembere pambali koma idutse pakati pa matabwa enieniwo. Maziko akhale okwera ndi a simenti, pamalo omwe madzi osefukira sanafikepo ngakhale pa namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023. Simentiyo ithandizanso kutchinga chiswe.

Kasanjidwe ka matabwa ndi komwe kamapulumutsa kapena kupha ntchito yonse, ndipo apa ndikupemphani kuti musachite mwachidule. Pakati pa mzere uliwonse wa matabwa muziika timitengo touma topalidwa bwino, tochindikala mofanana masentimita awiri kapena awiri ndi theka, totalikirana masentimita 40 mpaka 60. Kamtengo kalikonse kakhale ndendende pamwamba pa kanzake ka mzere wapansi, kotero kuti mukaima pambali pa mulu muziona mizere yoongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kamodzi kokha kakasuntha, thabwa lapansi pake limalemedwa pamalo opanda chochirikiza ndipo limauma lili lopindika, moti palibe pulena yomwe ingaliwongole popanda kulidya mpaka kupyapyala. Kumapeto kwa thabwa lililonse pakani penti wamafuta wokhuthala kapena phula tsiku lomwe lachekedwa, chifukwa madzi amatulukira kumapeto mofulumira kuposa m'mbali, ndipo n'chifukwa chake ming'alu imayambira kumeneko. Pamwamba pa mulu psinjani ndi njerwa.

Mitengo siuma mofanana, choncho musaisakanize mu uvuni umodzi, ndiponso musaphatikize matabwa ochindikala ndi opyapyala. Paini amauma msanga ndipo amafuna mphepo yambiri kuyambira tsiku loyamba, apo ayi amachita mawanga obiriwira a nkhungu. Mlombwa ndi wofatsa, sufota kwambiri. Bulugamu ndiye wovuta, amang'aluka ndi kufwamphuka akangofulumizitsidwa, pamene malaina amasunga madzi mkati nthawi yaitali ngakhale kunja akuoneka ouma. Mitengo yolimbayi muyambe mwaisanja pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata angapo musanailowetse mu uvuni. Ikalowa, sabata yoyamba timawindo tikhale totsegula pang'ono chabe kuti chinyontho chisathawe msanga, ndipo m'miyezi yotentha phimbani theka la denga ndi mphasa. Usiku mafani azizima. Chinyontho chimabwerera pakhungu la thabwa n'kulifewetsa, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe matabwa a mu uvuni wa dzuwa savuta pocheka. Matabwa olimba ochindikala masentimita awiri ndi theka amatha kutenga mwezi kapena kuposerapo.

Kuti mudziwe ngati auma, musadalire kugogoda kapena kunyamula ndi dzanja. Matabwa a mipando ndi zitseko amafunika chinyontho cha pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Ngati kachipangizo koyezera chinyontho simungakapeze, dulani kachidutswa pakati pa thabwa limodzi, mukayeze pasikelo ya magalamu, mukaumitse pamoto wochepa wa madigiri pafupifupi 100 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kenaka muyezenso. Ngati kanali magalamu 150 ndipo katsika kufika pa 120, madzi omwe atuluka ndi magalamu 30, omwe mukawagawa ndi 120 n'kuchulukitsa ndi 100 mupeza 25 peresenti, kutanthauza kuti matabwawo sanafike.

Pomaliza pa funso lanu, mlombwa, mbawa ndi tsanya ndi mitengo yachilengedwe yomwe ikutha. Gulani kwa okhawo omwe ali ndi chilolezo cha nthambi ya zankhalango, chifukwa lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limagwira ndi wopezeka nawo matabwa yemwe.

FUNSO: Ine ndili ku Bangula ndipo utuchi ndi zidutswa zimangotayika pa shedi yanga. Kodi sindingamange uvuni wosonkhezera moto ngati balani ya fodya?

YANKHO: N'zotheka bambo, ndipo uvuni wotere umathandiza m'dzinja pamene mitambo yachuluka. Ng'anjo ikhale kunja kwa chipinda, ndipo utsi uziyenda m'mapaipi otsekeka bwino mpaka kutulukira pachumuni, pakuti lawi kapena nthethe imodzi yokha ikafika pamatabwa ouma, mpamba wonse upsa. Ikani choyezera kutentha mkati, ndipo pa matabwa olimba aawisi musapitirire madigiri 40 mpaka 45 masiku oyamba. Dziwaninso kuti uvuni wa moto umafuna munthu woulondera usana ndi usiku, choncho ngati mumagwira ntchito nokha, yambani ndi wa dzuwa ndipo ng'anjoyo mudzaiwonjezere mutazolowera kuyeza chinyontho.