Tonse Timalowera pa Kiyi Mmodzi, Ndipo Wina Wachoka Naye

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yopanga mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mapulogalamu athu amayendera pa cluster (gulu la makompyuta ogwira ntchito limodzi) ya Kubernetes (pulogalamu yoyendetsa gululo) imene timachita lendi kwa Amazon, ija amati EKS. Tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo tonse timagwiritsa ntchito kiyi mmodzi wa IAM (njira yolowera ya Amazon) wokhala ndi mphamvu za cluster-admin, kutanthauza mphamvu zonse pa cluster, amene tinagawana pa WhatsApp. Mwezi watha mnzathu anafufuta mbali imene makasitomala amagwiritsa ntchito poganiza kuti ndi yoyeserera, ndipo tsopano wina wasiya ntchito kiyiyo adakali pa laputopu yake. Tiyambire pati? Wowerenga wa ku Blantyre.

YANKHO: Yambirani pa amene wachokayo, ndipo muchite zimenezi lero lomwe. Lowani mu IAM, muzimitse kiyi wakaleyo, kenako musinthe mapasiwedi onse amene anasungidwa mu Secrets (mosungira zinsinsi) za cluster yanu. Ambiri amayesa kuti Secrets zimabisika kwa aliyense, chonsecho munthu wa cluster-admin amatha kuziwerenga zonse, ndipo zilembo za base64 (kalembedwe ka zimene zili mu Secrets) zimene zimaoneka ngati zosokonekera zimamasulika ndi lamulo limodzi. Sindikunena kuti mnzanuyo ali ndi mangawa. Laputopu imabedwa, ndipo wakuba safunsa kuti mwini wake anachoka bwanji.

Mukatero, dziwani kuti pali zipata ziwiri. Kubernetes sisunga yokha mndandanda wa anthu, choncho pa EKS ndi IAM imene imatsimikiza kuti wolowayo ndi ndani, pamene RBAC (dongosolo logawira mphamvu potengera udindo), imene inakhazikika mu Kubernetes 1.8 m'chaka cha 2017, ndiyo imanena zimene munthuyo angakhudze. Aliyense wa inu akhale ndi dzina lake mu IAM, lotetezedwa ndi MFA (chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi), ndipo mulumikize mainawo ku cluster kudzera mu access entries, mndandanda wa EKS wa amene aloledwa kulowa.

Kubernetes imabwera ndi maudindo anayi okonzeratu: view, edit, admin ndi cluster-admin. Wa view amaona zinthu koma sasintha, ndiponso saona Secrets, choncho ndi woyenera kwa ophunzira ntchito ndi oyang'anira amene amangofuna kudziwa mmene zinthu zikuyendera. Wa admin amagawa maudindo mkati mwa namespace yake, kutanthauza chigawo chake cha cluster. Pa edit ndi pamene muyenera kusamala, chifukwa dzinalo limamveka lofatsa, koma mwini wake amawerenga Secrets za mu namespace imeneyo, ndipo angathe kuyendetsa pod (kagawo koyendetsa pulogalamu) ndi service account (dzina lolowera la pulogalamu) iliyonse ya momwemo, motero n'kutenga mphamvu zimene simunaganize zomupatsa.

Ngozi ya mwezi watha ikanapeweka mukanalekanitsa zoyeserera ndi za makasitomala m'ma namespace awiri, n'kupereka edit ku yoyeserera yokha pogwiritsa ntchito RoleBinding, imene imapereka udindo mu namespace imodzi yokha. ClusterRoleBinding imafalitsa udindo pa cluster yonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kumbukiraninso kuti RBAC imangowonjezera, ilibe lamulo loletsa, kotero munthu akakhala ndi maudindo awiri, waukuluwo suchepetsedwa ndi waung'onowo. Muyenera kuchotsa waukuluwo ndithu.

Malangizo anga ndi akuti cluster-admin ikhale ndi anthu awiri okha, kuti wina akadwala kapena akapita kumaliro ntchito isaime, ndipo iwonso aziigwiritsa ntchito pokhapokha pakafunikadi. Mufufuzenso amene anakhazikitsa cluster yanu poyamba, pakuti pa EKS nthawi zambiri iyeyo amalandira mphamvu zonse pomwepo.

Mukamaliza, yesani ndi lamulo lakuti kubectl auth can-i delete deployments, mutalowa ndi dzina la mmodzi wa anzanu ndi kutchula namespace ya makasitomala. Likayankha kuti yes, ntchito idakalipo. Yatsaninso audit logs (zolemba zosonyeza amene wachita chiyani), zimene pa EKS sizikhala zoyaka zokha, kuti zizipita ku CloudWatch, kumene Amazon imasunga zolemba zotere. Zimawonjezera kangachepe pa bilu, koma tsiku lina chinthu chikadzafufutikanso mudzaona dzina la munthu ndi nthawi yake.