Makina a ECG akujambula zonjenjemera, kodi afa?

Funso: Bambo, ndine nesi pa health centre ina kuno ku Kasungu. Tinalandira makina a ECG, ojambula papepala momwe mtima ukugundira, ogwirapo kale ntchito koma pepala likatuluka mizere imakhala yonjenjemera, ndiye a clinical officer akutinso lead I, umodzi mwa mizere ya papepalapo, ikutuluka chadodolido. Tiwatumize ku Lilongwe akakonzedwe?

Yankho: Asisita musathamangire kuwakweza minibasi kaye. Makina a ECG ambiri omwe ndimaitanidwira kukakonza ndikafika ndimapeza ali bwinobwino, vuto limakhala pomwe mawaya amatidwa pathupi la wodwala.

Za lead I yozondokayo, kawirikawiri ndiye kuti waya wa dzanja lamanja ndi wamanzere asinthana. Makina ochokera ku Ulaya wofiira ndi wa dzanja lamanja, wachikasu lamanzere, wobiriwira mwendo wamanzere, wakuda mwendo wamanja. Koma a ku America mitundu ndi ina, woyera ndiye wa dzanja lamanja ndipo wofiira umapita kumwendo wamanzere, ndiye ukaloweza mitundu ya makina ena basi wasokoneza zonse. Werengani zilembo zili pawayapo, osangoyendera mtundu. Mukaona kuti zonse zili m'malo mwake koma ikuzondokabe auzeni a clinical officer amvere kugunda kwa mtima kumanja, alipo anthu ochepa amabadwa mtima uli mbali imeneyo.

Pachifuwa ndi pomwe ndikufuna mudekhe chifukwa mpomwe ambiri amangoyerekeza ndi maso. Ikani chala pakamphako ka pansi pa khosi, mutsitse pang'onopang'ono pafupa la pakati pa chifuwa, masentimita ngati 5 mumva kamtumbira kopingasa, kusukulu munakatchula angle of Louis. Nthiti yolumikizika pamenepo ndi yachiwiri, mpata wa pansi pake ndi wachiwirinso, tsopano muziwerenga ndi chala kutsika, wachitatu, wachinayi. Mawaya a pachifuwa amalembedwa V1 mpaka V6, mpata wachinayiwo V1 ikhale kumanja kwa fupa la pakati pa chifuwa lija, kumanja kwa wodwalayo, V2 kumanzere kwake. Ambiri amaziika m'mwamba kwambiri ziwirizi ndipo zimandiwawa chifukwa pepala limatha kuonetsa ngati munthu ali ndi vuto la mtima pomwe alibe, munthu nkumagona osapeza tulo chifukwa cha waya basi.

V4 imapita mpata wachisanu, molunjika pakati pa fupa lija lochoka pakhosi kupita paphewa lamanzere. Apa ndi pomwe nsonga ya mtima imagunda, kwa munthu woonda mutha kuimva ndi dzanja lomwe, ndi pomwenso mumaika stethoscope pomvera valavu ya mtima ya mitral. Musayezere nsonga ya bere ayi, makamaka kwa azimayi, nyamulani bere mwaulemu muike pansi pake. V3 pakati pa V2 ndi V4. V5 pomwe khwapa layambira kutsogolo, V6 pakati pakhwapa penipeni, ziwirizi zikhale mulingo umodzi ndi V4 osati kutsata nthiti momwe yakhotera kukwera.

Kunjenjemera kwa mizere nthawi zambiri ndi magetsi, athu ano ndi a 50 Hz ndipo soketi ikakhala yopanda earth makina amatola phokosolo. Zulani pulagi mujambule pa batire muone ngati kusiye, chotsaninso chaja ya foni pafupi ndi bedi. Khungu nalo, thukuta la mu Okutobala muno kapena mafuta odzola, pukutani ndi thonje la spirit muyembekeze paume, ngati pali ubweya wambiri metani pang'ono. Ma electrode omata pakhungu, omwe mumalumikizako mawaya, akauma jelo tayani, musaumirire. Mu June ndi July wodwala akamanjenjemera ndi kuzizira mfunditseni kaye, minofu ikamagwedezeka nayo imalemba papepalapo.

Onaninso kabokosi kakumayambiriro kwa mzere, kakhale kotalika 10 mm ndipo liwiro la pepala likhale 25 mm/s, wina amatha kudina batani mosadziwa.

Mukachita zonsezi nkupeza lead imodzi ikungolemba mzere wowongoka kapena ikudukiza mukagwedeza waya, pamenepo ndiye ntchito yanga, waya wadukira mkati, kawirikawiri chakumapeto komwe umapindikapindika. Nditumizireni chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp mutabisa dzina la wodwala, ndikuuzani ngati ndikufunika kubwera ndi multimeter yoyezera mawaya.